Khoma la Aroma linali ndi zipata, ndipo olilondera anali alendo

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa kalata imene munasindikiza masabata apitawa, momwe mnzathu wina analemba kuti mayiko a kuno kummwera kwa Africa akanachita bwino kutengera nzeru za Aroma akale, amene malinga ndi iyeyo anamanga khoma lalitali kumpoto kwa England, ndipo kwa zaka 300 palibe mlendo amene anaponda m'dziko lawo. Mawu amenewa si achilendo kwa ife okhala mu Johannesburg, pakuti timawamva m'matakisi, pa wailesi, ndipo nthawi zina ngakhale pakamwa pa mabwana amene timawagwirira ntchito. Ine sindikufuna kulowerera ndale za malire a masiku ano, chifukwa zimenezo zili ndi eni ake. Chimene chandichititsa kugwira cholembera n'chakuti khoma limene mnzathuyo akutchula, lodziwika kuti Khoma la Hadrian, lakhala likufufuzidwa ndi akatswiri ofukula zakale kwa zaka zoposa 150, ndipo zimene iwo apeza pansi pa nthaka sizikugwirizana ndi chithunzi chimene iye watipatsa.

Ndiyambe ndadziulula kuti owerenga adziwe pamene ndaima. Kumudzi ndinali mphunzitsi wa mbiri yakale pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Dedza, koma kuno ndimadyera manja: ndine mmisiri womanga, ndipo ntchito yambiri imene gulu lathu limapeza ndi yomanga kapena kukweza makoma ozinga nyumba za anthu. Zaka zingapo zapitazo tinkawonjezera mizere isanu ya njerwa pa khoma la mzungu wina wachikulire ku Parkview, amene ankakonzekera kugulitsa nyumba yake, ndipo tsiku lomaliza la ntchito anatulutsa makatoni a mabuku n'kutipempha kuti tikawataye limodzi ndi zidutswa za njerwa. M'katoni imodzi munali mabuku atatu onena za malire a ufumu wa Roma. Amenewo sanafike kudzala. Ndakhala ndikuwawerenga usiku m'kachipinda kanga ku Rosettenville, n'kumawonjezera ndi zimene akatswiri amalemba pa intaneti, ndipo ndaona kuti munthu amene anagwirapo chipande chomangira ndi chingwe chowongolera khoma amamva zinthu zina m'malipoti a ofukula zimene ine ndili m'kalasi sindikanazimva.

Ntchito yomanga khomalo inayamba cha m'chaka cha 122 Khristu atabadwa, pamene mfumu ya Aroma, Hadrian, inafika pa chilumba cha Britain. Litatha, linkayambira ku Wallsend m'mbali mwa mtsinje wa Tyne kum'mawa n'kukathera ku Bowness-on-Solway kumadzulo, mtunda wa makilomita pafupifupi 117, womwe kwathu ndi ngati kuchoka mu Lilongwe mpaka kupitirira pang'ono boma la Mchinji. Chodabwitsa n'chakuti pa ntchito yaikulu chotero Aroma eni ake anatisiyira chiganizo chimodzi chokha chofotokoza cholinga chake. Chiganizocho chili m'buku lotchedwa Historia Augusta, ndipo chimati Hadrian anamanga khoma la mamailosi 80 kuti alekanitse Aroma ndi anthu akunja. Mnzathu uja waima pa chiganizo chimenechi, kaya akudziwa kaya sakudziwa, koma bukulo linalembedwa patapita zaka zoposa 200 Hadrian atamwalira, ndipo akatswiri amalidziwa kuti limasakaniza zoona ndi zopeka. Zambiri mwa zimene timadziwa lero zachokera ku fosholo, ku miyala yolembedwa, ku mapale, ndi ku zinyalala zimene asilikali anataya.

Kuti muone mmene zolembedwa pazokha zimasocheretsera anthu, kwa zaka mazana ambiri ophunzira a ku England sankadziwa n'komwe amene anamanga khoma limene ankalidutsa tsiku ndi tsiku. Bede, mmonke wa ku Jarrow amene anamwalira mu 735, ankakhala pafupi nalo, komabe analemba kuti khoma lamiyalalo linamangidwa chakumapeto kwa ulamuliro wa Aroma, ndipo ena pambuyo pake anati ndi ntchito ya mfumu Septimius Severus. Amene anawongola nkhaniyi ndi m'busa wina, John Hodgson, yemwe mu 1840 anasonkhanitsa umboni wa miyala yolembedwa yopezeka m'mabwinja a khomalo, yotchula dzina la Hadrian limodzi ndi la bwanamkubwa wake Aulus Platorius Nepos. Ngakhale zinali choncho mtsutso sunathe msanga, mpaka pamene ofukula a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anafika pa dothi la pansi penipeni m'nsanja za khomalo n'kupezamo ndalama ndi mapale a nthawi ya Hadrian.

Diso la mmisiri limathandiza pamenepa. Omanga anayamba ndi maziko a mamita pafupifupi 3 m'lifupi, koma ntchito ili mkati lamulo linasintha, ndipo m'madera ambiri anakhazika khoma locheperapo pamwamba pa maziko aakulu aja, moti pamalo otchedwa Planetrees munthu amaona ndi maso pamene khoma lonenepa lathera ndi pamene lochepa layambira. Aliyense amene anagwirapo ntchito pa saiti amadziwa chimene chimabala zoterezi: mwina nthawi yathina, mwina amisiri achepa, mwina wamkulu wafika n'kusintha maganizo matope ali osakanizidwa kale. Gawo la kumadzulo, kuyambira pa mtsinje wa Irthing, poyamba silinali la miyala n'komwe, koma la zibuma zodulidwa ndi udzu womwe, ndipo linadzamangidwanso ndi miyala pambuyo pake. Pulani yoyamba inalibenso misasa ikuluikulu ya asilikali pakhoma penipeni, chifukwa magulu ankhondo amayenera kukhala kumbuyo, m'mbali mwa msewu wakale. Kenaka kunabwera lamulo loti misasa isamukire pa mzere wa khoma, ndipo ku Housesteads ofukula anapeza maziko a nsanja imene inali itamangidwa kale koma inagumulidwa kuti papite msasa. Ine ndagumulapo khoma limene ndinalimanga dzulo lake chifukwa mwini nyumba wagona n'kudzuka ndi maganizo ena, ndipo ndikudziwa mawu amene amisiri aja anang'ung'udza, ngakhale anali m'Chilatini.

Pali malo amodzi amene ndimabwerezabwereza kuyang'ana chithunzi chake. Kutsogolo kwa khoma ankakumba ngalande yakuya, koma pamalo otchedwa Limestone Corner anakumana ndi thanthwe lolimba kwambiri. Miyala ina ikuluikulu anaiswa n'kuitulutsa, ndipo mpaka lero ili gone m'mbali mwa ngalandeyo, koma pakati penipeni patsala chimwala chimodzi chokhala ndi mabowo amene anaboola kuti akhomeremo zitsulo zoswera. Chimwalacho chinakana, ndipo anachisiya pomwepo. Ife tinalimbanapo ndi thanthwe lotere ku Northcliff tikukumba maziko, masiku awiri athunthu, mpaka kapitawo anangoti chingwe chisunthe pang'ono, mwini wake sadzadziwa. Aroma nawo ankagawana ntchito m'magulu a anthu pafupifupi 80, ndipo gulu lililonse likamaliza chigawo chake linkaika mwala wolembedwa dzina la kapitawo wake, kuti pakapezeka polakwika adziwe wogwira pakhosi. Pathanthwe lina pafupi ndi mtsinje wa Gelt, pomwe asilikali ankaswa miyala yokonzera khoma mu 207, analemba maina awo ndi a akuluakulu awo, n'kusemapo nkhope imene akatswiri akuganiza kuti inali yonyodola wamkulu wawo. Khoma limene mnzathu akuliona ngati chozizwitsa chopanda banga linali saiti ngati ina iliyonse.

Tsopano ndifike pa mutu wa nkhani, umene ndi zipata. Pa mailosi iliyonse ya Chiroma panali kalinga kakang'ono, ndipo timalinga timeneti, tokwana pafupifupi 80, tinamangidwa ndi chipata kumpoto ndi china kummwera, pomwe pakati pa timalinga tiwiri tilitonse panali nsanja ziwiri zolonderapo. Mukawonjezera zipata za misasa ikuluikulu, mupeza kuti khomali linali ndi polowera pambiri kuposa mpanda uliwonse umene ndinauonapo. Ine mwini nyumba akandiuza kuti sakufuna munthu aliyense alowe, sindimuikira geti pa mtunda uliwonse wa kilomita ndi theka. Malamulo a pulani anatsatidwa mouma mutu moti kalinga ka ku Cawfields kali ndi chipata chotsegukira kuphompho, chizindikiro choti wojambula pulaniyo sanaponde pamalopo. Chifukwa cha zipata zimenezi, akatswiri monga David Breeze ndi Brian Dobson anaphunzitsa kwa zaka zambiri kuti ntchito yaikulu ya khomali inali kuyang'anira kayendedwe ka anthu, kuti wodutsa adutsire pamalo odziwika, asiye zida, alipire msonkho wa katundu wake, ndiponso kuti akuba ng'ombe asathe kuthawitsa ziweto usiku.

Sindikufuna kubisa kuti akatswiri ena, monga Nick Hodgson, amatsindika mbali ya nkhondo, ndipo umboni wawo si wopepuka. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ofukula ku Byker mumzinda wa Newcastle anapeza mizere ya maenje pakati pa khoma ndi ngalande, momwe munkazikidwa nthambi zosongoka, zomwe ntchito yake inali ngati ya mawaya aminga amene timaika pamwamba pa makoma kuno. Kummwera kwa khoma, kumbali ya anthu amene Aroma ankawalamulira kale, anakumbanso ngalande ina yaikulu, mamita 6 m'lifupi ndi 3 kuya kwake, yokhala ndi milu ya dothi mbali zonse ziwiri, imene inkawolokeka pa misasa ikuluikulu pokha, ndipo izi zinachepetsa malo odutsira kufika pa osakwana 20. Zipata zambiri zinadzachepetsedwa kapena kutsekedwa ndi miyala m'zaka zotsatira. Pansi pa khoma ndi pa misasa ina apezapo mizere ya makasu olimira a ng'ombe, kusonyeza kuti linadula minda ya anthu pakati, ndipo midzi ina ya kumpoto kwake inasanduka mabwinja pa nthawi yomweyo. Choncho sindikunena kuti linali khoma lachifundo. Linapweteka eni nthaka, ndipo amene anavutika nalo koyamba si adani ochokera kutali koma alimi amene linawalekanitsa ndi abale awo.

Koma mawu akuti kwa zaka 300 palibe anadutsa, amenewo ndi abodza ndithu. Wolemba mbiri Cassius Dio akunena kuti cha m'ma 180 mitundu ya kumpoto inawoloka khoma n'kupha mkulu wa asilikali pamodzi ndi anthu ake, ndipo mu 367 kunachitikanso chipwirikiti chachikulu chimene chinagwedeza chilumba chonse. Aroma eni ake sankadalira miyala yokha. Anali ndi misasa kutsogolo kwa khoma, monga ku High Rochester ndi ku Bewcastle, ndipo ankagula mtendere ndi ndalama ndi mphatso kwa mafumu a kumpoto. Mu 1919, pa phiri la Traprain Law ku Scotland, kutali ndithu kunja kwa khoma, anafukula siliva wa Chiroma wolemera makilogalamu oposa 20, mbale ndi zikho zodulidwadulidwa kuti ziyesedwe pa sikelo.

Mfundo imene ndikufuna kuti mnzathu aiganizire modekha ndi ya anthu amene ankalondera khomalo. Amene analimanga anali asilikali okhala ndi unzika wa Roma, koma amene anaikidwa kuti azikhalapo anali magulu olembedwa kuchokera m'mitundu yogonjetsedwa, anthu opanda unzika amene ankalonjezedwa kuti akatumikira zaka 25 adzapatsidwa chitupa chamkuwa chowasandutsa nzika. Miyala yolembedwa imatiuza kwawo kwa magulu amenewa: ku Housesteads kunali Atungri ochokera kudera la Belgium ya lero, ku Birdoswald Adacia a ku Romania, ku Chesters okwera pa akavalo a ku Spain, ku Carvoran oponya mivi a ku Syria. M'kupita kwa nthawi magulu amenewa ankalemba ana obadwira pomwepo, koma maina a kwawo anawasunga. Amene timayenda m'misewu ya Sandton usiku timadziwa kuti pa geti la nyumba yotchingidwa kwambiri nthawi zambiri pamaima mlonda wolankhula Chichewa, Chishona kapena Chilingala, ndipo zimenezi si zatsopano pansi pano.

Mwa alonda amenewo munali anthu a ku Africa. Mu 1934, m'mudzi wa Beaumont, anapeza guwa lamwala lotchula gulu la asilikali a mtundu wa Mauri, ochokera kumpoto kwa Africa, amene ankakhala pa msasa wa Burgh-by-Sands m'zaka za m'ma 200. Bwanamkubwa amene anatsogolera ntchito yomanga khoma lachiwiri ku Scotland, Quintus Lollius Urbicus, kwawo kunali ku Tiddis m'dziko la Algeria la lero. Mfumu Septimius Severus, yemwe anamwalirira ku York mu 211 akumenya nkhondo ya kumpotoko, anabadwira ku Leptis Magna m'dziko la Libya. Umboni umene umandigwira mtima kwambiri ndi wa miphika. Katswiri wa mapale Vivien Swan anazindikira kuti m'misasa ina ya ku Scotland munali miphika youmbidwa ndi dothi la komweko koma m'kaumbidwe ka kumpoto kwa Africa, yoyenera kuphikira pa mbaula osati pa moto wapansi monga ankachitira eni dziko. Munthu amene anafunafunapo mthiko ndi ufa woyera m'misika ya mu Johannesburg sasowa womumasulira zimenezi. Komabe tisadzitame nazo mopitirira, pakuti anthu amenewa anali kumeneko monga asilikali a ufumu wopondereza ena, chimodzimodzi agogo athu a m'gulu lankhondo la atsamunda la KAR amene maina awo ali pa chipilala cha ku Zomba.

Ku South Shields, pa doko limene linkalandira chakudya cha asilikali a pakhoma, kuli chiliza cha mayi wotchedwa Regina, amene anamwalira ali ndi zaka 30. Wasemedwa atakhala pa mpando wolukidwa, dengu la ulusi lili kumapazi mbali imodzi, bokosi la zokongoletsa mbali inayo. Iye anali mbadwa ya kummwera kwa Britain, koma mwamuna amene anamuikira chilizacho, Barates, anali wa ku Palmyra m'chipululu cha Syria. Mawu akuluakulu ali m'Chilatini, koma pansi pake pali mzere umodzi wa m'chilankhulo cha kwawo kwa mwamunayo, wothera ndi liwu la kulira. Sitiyenera kuikometsera nkhaniyi, chifukwa mwala womwewo ukunena kuti Regina anali kapolo wa Barates asanamumasule n'kumukwatira. Koma ukutisonyeza kuti mumthunzi wa khoma lolekanitsa anthu munali mabanja a zilankhulo zitatu.

Chuma chachikulu cha maphunziro amenewa chinatuluka m'matope a ku Vindolanda, msasa umene uli kummwera pang'ono kwa khoma. Mu 1973, Robin Birley akufukula pansi pamadzi ndi dothi lonyowa, anatola timatabwa tiwiri topyapyala tomamatirana, ndipo atatilekanitsa anaona zilembo za inki. Zilembozo zinayamba kuzimiririka zitakhudzana ndi mpweya, ndipo zinawerengeka kokha atazijambula ndi kuwala kwapadera kumene maso athu saona. Kamodzi mwa timatabwa toyambato kanali kalata yodziwitsa msilikali kuti amutumizira masokosi, nsapato zapazingwe ndi makabudula amkati. Kuyambira pamenepo apeza timatabwa toposa 1,000, ndipo akatswiri awiri, Alan Bowman ndi David Thomas, anathera zaka zambiri akuwerenga kalembedwe kake kovuta, nthawi zina kulimbana ndi liwu limodzi kwa masiku, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tambiri mwa timatabwati tinaponyedwa pamoto gulu lina likusamuka, koma mvula inazima motowo, ndipo dothi lopanda mpweya linasunga zotsalazo. Ndiyenera kunena mosabisa kuti makalata ambiri ndi a zaka zochepa khoma lisanamangidwe, komabe ndi a malire omwewo ndi a magulu ankhondo a mtundu womwewo.

Lipoti lina la gulu la Atungri likunena kuti pa anthu 752 olembedwa m'kaundula, 456 sanalipo, atatumidwa kumalo osiyanasiyana, ambiri ku Corbridge, ena mpaka ku London. Mwa 296 otsalawo, 15 ankadwala, 6 anali ovulala, ndipo 10 ankavutika ndi maso. Kalata ina ndi ya mkulu wa okwera pa akavalo, Masclus, yemwe atafunsa bwana wake Flavius Cerialis zochita mawa lake, akuwonjezera pansi kuti anyamata alibe mowa, chonde lamulani utumizidwe. Mkazi wa Cerialis, Sulpicia Lepidina, analandira kalata yomuitanira ku phwando la tsiku lobadwa la mnzake Claudia Severa pa 11 September, ndipo mizere yomaliza, imene Severa analemba ndi dzanja lake, ili m'gulu la zolemba zakale kwambiri za m'Chilatini zodziwika kuti zinalembedwa ndi mkazi. M'matope omwewo atolamo nsapato zikwizikwi, zambiri za amayi ndi ana, zomwe zinakakamiza akatswiri kusiya ganizo lakale loti msasa unali malo a amuna okhaokha. Palinso kathabwa kamene kamatcha eni dziko ndi dzina lonyoza lakuti Brittunculi. Ife tili nalo dzina limene amatitcha m'misewu ya kuno, ndipo sindilibwereza m'nyuzipepala yanu, koma onani kuti pa malire ajawo anali mlendo wokhala ndi mkondo amene ankanyoza mwini nthaka.

Khoma la Hadrian silinali lokha, ndipo malire ena amaphunzitsa zofananako. Patangopita zaka 20, mu 142, mfumu yolowa m'malo mwake, Antoninus Pius, inasunthira malire makilomita pafupifupi 160 kumpoto n'kumanga khoma la zibuma la makilomita pafupifupi 60 pakati pa mitsinje ya Forth ndi Clyde ku Scotland, limene linasiyidwa patatha zaka ngati 20 zokha, asilikali n'kubwerera pa lakale lija. Ku Germany, kumene bungwe la boma lofufuza malire a Aroma linayamba ntchito mu 1892, mzere wa makilomita 550 m'madera ambiri unali mpanda wa mitengo ndi ngalande, zokwanira kuimitsa ngolo koma osati gulu lankhondo. Ku Algeria, Jean Baradez anagwiritsa ntchito zithunzi zojambulidwa m'ndege ndipo mu 1949 anafotokoza za ngalande ndi makoma a m'mphepete mwa chipululu cha Sahara, amene akatswiri ambiri lero amati ankawongolera abusa oyenda ndi ziweto kuti asalowe m'minda mbewu zisanakololedwe. Pa msasa wa Bu Njem ku Libya, asilikali ankalemba malipoti a tsiku ndi tsiku pa mapale, ndipo ena akutchula anthu a mtundu wa Garamantes akufika pa chipata ndi abulu osenza balere. Ku Syria, wansembe Antoine Poidebard anajambula misasa 116 ali m'ndege n'kunena kuti inali mzere wotchinga adani a kum'mawa, koma mu 2023 Jesse Casana ndi anzake, poona zithunzi zakale za masetilaiti aukazitape a America, anapeza misasa ina 396 yomwazika m'njira zopita kum'mawa ndi kumadzulo, zimene zikusonyeza kuti ntchito yake inali kuteteza apaulendo ndi amalonda odutsa.

Mathero a khomalo sanali a nkhondo yaikulu. Ku Birdoswald, Tony Wilmott akufukula kuyambira mu 1987 anapeza kuti malipiro ochokera ku Roma atasiya kufika cha m'ma 400, anthu sanachoke pamsasapo, koma anamanga zinyumba zikuluzikulu za mitengo pamwamba pa nkhokwe zakale, ngati kuti zidzukulu za alonda zinasanduka mafumu a m'deralo. Pambuyo pake miyala inatengedwa pang'onopang'ono kukamangira matchalitchi, makola ndi nyumba, ndipo chionongeko chachikulu chinachitika m'ma 1750, pamene boma la Britain linagumula makilomita ambiri a khomalo n'kuyala msewu wa asilikali pamwamba pake. Zimene alendo amajambula lero zinapulumuka makamaka chifukwa cha John Clayton, mlembi wa mzinda wa Newcastle, amene m'zaka za m'ma 1800 ankagula minda imene khomalo linadutsamo kuti alimi aleke kuphwasula miyala. Bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1987.

Lamulungu lina ndinatenga anyamata awiri a m'gulu lathu kupita ku Klipriviersberg, kummwera kwa mzinda uno, kumene kuli makoma amiyala a midzi yakale ya Atswana. Mmodzi wa iwo, mnyamata wa ku Ntcheu amene sanapitirire Sitandade 8 koma amawongola khoma kuposa ine, anagwada n'kundisonyeza kuti omanga anaika mizere iwiri ya miyala ikuluikulu n'kuthira timiyala pakati, ndipo ndinamuuza kuti khoma la Hadrian linamangidwa m'njira yomweyo, kupatula kuti Aroma ankasema miyala yawo. Kenaka anayamba kufunafuna polowera ng'ombe, ndipo atapapeza anatha kundifotokozera mmene mudzi wonse unakhalira. Akatswiri a malire a Roma akhala akukumana kuchokera mu 1949, pamene msonkhano wawo woyamba unachitikira ku Newcastle, kudzachita chimodzimodzi chimene mnyamatayu anachita atagwada.

Kwathu tili nawo malo ofunika kuwerengedwa motero. Fort Lister, imene inamangidwa mu 1893 pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi kuti itseke njira ya ogulitsa akapolo, ndi msasa wa pa malire monga Housesteads. Kulinso Fort Mangochi, ndi malinga amene makolo athu ankabisalamo m'nthawi ya nkhondo, ndipo a Yusuf Juwayeyi anatisonyeza ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kuti dzala la likulu la Amaravi limasunga mikanda yagalasi ndi mapale a mbale zochokera ku China. Pempho langa kwa inu, Akonzi, n'lakuti mutumize mtolankhani ku Fort Lister ndi tepi yoyezera, akatiuze kuti makoma atsala otalika bwanji, chipata chinali mbali iti, ndipo asilikali amene ankagona mmenemo anali ochokera kuti. Mnzathu wolemba kalata uja ngati ali ndi umboni wina, alembenso, koma ayambe watifotokozera za zipata 80 zija.

Ine wowerenga wanu,
Mmisiri womanga,
Rosettenville, Johannesburg